Masekondi Khumi ndi Anayi a Zenón Barja

São Paulo, 12 Malichi 2023

Wokondedwa amake Dalmira,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu, achimwene Anacleto ndi alamu. Ine kuno ndili bwino, kungoti mvula ya mumzinda muno sidziwa kuleka, zovala zonse zikununkha chinyezi.

Kalatayi ndapatsira Don Casiano, amene akunyamuka ndi basi ya Lachitatu. M'kaphukusimo muli nsapato za Dalmira zovala kusukulu ndi mafuta opaka bondo lanu. Ya ndiwo ili mu nsapato ya kumanzere, musaitaye pamodzi ndi mapepala. Foni ndayesa kangapo osalowa. Sindifuna muzikwera phiri ndi bondo limenelo kukasaka netiweki, ndiye tizingolemberana ngati kale.

Kwa Doña Remedios tikusoka mathalauza a jinzi, ine ndine wa matumba a kumbuyo. Ndasoka matumba ochuluka moti ndikamayenda mumsewu maso amangogwera kumbuyo kwa anthu kuona ngati thumbalo ndi langa. Tsiku lina ndidzamenyedwa. Chinangwa chimene ife timaponyera nkhumba, kuno amachisenda, kuchikulunga m'pulasitiki, kilo mareali asanu ndi atatu, ndalama za kuno. Tsabola akafiira musagulitse kwa oyamba kufika ndi lole, achimwene akudziwa.

Pali kanthu kakang'ono. Sabata yatha ndikukwera masitepe ndi mtolo wa nsalu ndinakhala pansi pang'ono, mutu unangopepuka. Evaristo, wa ku Oruro uja timagona chipinda chimodzi, ndi munthu wokuza zinthu. Akuti, "Wakhala pansi? Aise, munthu wokhala pansi satembenuza maso ngati nkhosa yozingidwa. Tiye kuchipatala." Anandikoka mpaka ku kachipatala ka m'dera lathu lino.

Zimene ndinaona kumeneko ndi zimene ndikufuna ndikuuzeni. Namwino anandigoneka, n'kundimata timapepala khumi pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, timawaya take tikulowa m'kabokosi kosaposa buledi. Sanandibaye, sanandimwetse kanthu. Ndisanamalize Atate Wathu anati zatha, kompyuta yawerenga kale mmene mtima ukuyendera, tikungodikira dokotala atsimikize. Ndinafunsa kuti dokotalayo ali chipinda chiti. Anaseka, nati ali mumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Khofi amene anandipatsa asanazizire, yankho linali litafika. Munthu amene sanandionepo, sadziwa ngati ndine wamtali kapena wamfupi, wamva mtima wanga ali kutali choncho. Ndakhala ndikuganiza zimenezi sabata yonse.

Atawerenga yankholo namwinoyo anasiya kuseka. Anafunsa kuti, "Seu Zenón, kwanu mumagona nyumba ya dothi? M'ming'alu mumatuluka tizilombo toluma anthu akagona?" Ndinati vinchuka? Kwathu ku Monteagudo tinakula nato ngati abale. Ananditenga magazi. Si nkhani yoti muzisowa nayo tulo.

Komabe muwapemphe achimwene akuthandizeni kumata ming'alu ya chipinda cha Dalmira, mupakenso njereza.

Ndine wanu,
Zenón

São Paulo, 23 Epulo 2023

Amake Dalmira,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Kalata yanu ndinailandira, ndakondwa kumva kuti nkhumba yaswa ana asanu ndi awiri ndiponso kuti nsapato zakwana. Ine ndikudya, ndikugwira ntchito.

Mwandifunsa kuti n'chiyani chimene sindikunena. Zaka makumi awiri m'banja, ndinayenera kudziwa kuti simungapusitsike ndi nkhani ya njereza. Magazi aonetsa matenda a Chagas. Akuti kachilombo kanalowa ndili mwana, kakhala phee zaka zonsezi kakudya mnofu wa mtima pang'onopang'ono.

Ananditumiza ku chipatala chachikulu cha mtima. Dokotala wanga ndi mayi wamng'ono thupi, Dotora Iolanda, amalankhula Chipwitikizi pang'onopang'ono kuti ndimve, pena n'kuyesa chathu molakwitsa. Anandifunsa za bambo. Ndinamuuza kuti anagwa m'munda khasu lili m'manja, anthu n'kumati yawapeza mphepo yoipa. Anangogwedeza mutu, ngati nkhaniyo waimva kambirimbiri.

Kenako anatulutsa m'thumba la chovala chake kanthu konga sopo wosambira, n'kukalumikiza ku foni, foni wamba ngati ya Dalmira. Anandipaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kukanikizapo. "Taonani, Seu Zenón, uyu ndi inu."

Amake Dalmira, ndinaona mtima wanga. Wanga weniweni, ndili moyo, ndili maso. Ndapha nkhumba zambiri, mtima ndimaudziwa, koma ndimaudziwa utaima. Uwu unkagwira ntchito. Uli ndi zipinda zinayi, ndipo pakati pake pali timakomo totseguka ndi kutseka ngati manja a munthu woomba m'tchalitchi. Chibadwire changa wakhala ukuchita zimenezi mumdima, osapuma Lamlungu, ine osauthokozapo. Misozi inatuluka yokha. Dotora anayesa kuti ndikuopa, koma sanali mantha.

Anandionetsa kunsonga kwake, pamene khoma lapyapyala ndipo silikukankha bwino. Akuti mtimawo wakula kuposa muyezo. Evaristo, amene anandiperekeza, anati, "Mtima ngati wa ng'ombe, koma kugawa fodya ayi." Dotora anamuuza kuti fodyayo ndiye watha basi kwa tonse awiri, nkhope ya Evaristo inagwa.

Tsopano ndikumwa mapiritsi mitundu inayi, aulere. Pachifuwa andimata kachigamba kamene ndikhale nako masabata awiri, ndimasamba nako, ndimasoka nako. Akuti kakulemba kugunda kulikonse, kopanda kudumphako ndi kumodzi komwe. Chifukwa chake sanandiuze bwino, kapena ine sindinamve bwino.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Inu, Dalmira ndi achimwene mupite ku chipatala cha m'tauni mukayezetse magazi. Achimwene adzakana, adzati munthu wonyamula matumba awiri a chimanga sadwala. Muwauze kuti nanenso ndinkanyamula. Ana a nkhumba musagulitse onse, musunge aakazi awiri.

Wanu,
Zenón

São Paulo, 18 Juni 2023

Amake Dalmira,

Moni nonse. Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulembera pa bondo, dzanja lamanzere alimangirira kuthupi. Ndili m'chipatala tsiku lachisanu ndi chinayi, koma ndili bwino, ndituluka Lachiwiri. Mwezi wa Meyi sindinalembe chifukwa kunalibe chokoma cholemba.

Kachigamba kaja kanandineneza. Kanaonetsa kuti nthawi zina mtima umasiya kugunda mwadongosolo n'kuyamba kuthamanga wokha ngati bulu wolumidwa ndi mavu. Tikudikira tsiku lobwerera kwa Dotora, zinachitikanso kuntchito. Sindinena zambiri. Singano inalowa pachala, thalauza limodzi la eni ake linaonongeka, ndipo Evaristo akuti sadzandikhululukira chifukwa chomuthamangitsa mumsewu atavala nkhwaira imodzi.

Lachinayi anandiika kachipangizo m'chifuwa, pansi pa fupa la phewa lamanzere. Anandilola kugwira kena kofanana nako ndisanalowe. N'kosalala, kozizira, kukula kwake ngati bokosi la machesi. Sanandigoneke tulo, anangochititsa dzanzi pamalopo. Anacheka pang'ono, n'kulowetsa waya mumtsempha, wayawo n'kuyenda ndi njira ya magazi mpaka m'kati mwa mtima, iwo akuuona pa kanema. Ndinkawamva akukambirana za mpira. Anthu manja ali pa mtima wa munthu, pakamwa pali mpira, ndipo palibe chimene analakwitsa.

Dotora akuti kachipangizoka kamamvetsera usana ndi usiku. Mtima ukachedwa kamaufulumiza, ukathamanga mopenga kamaumenya ndi magetsi kuti ubwerere m'njira. Kamalankhulanso ndi foni yanga, foni n'kuuza achipatala. Zolankhula ndi fonizi n'zatsopano, akuziyesa pa anthu ochepa, ndinasaina kuti ndikhale mmodzi wa iwo. Ndinafunsa mtengo wake. Anati, "Musafunse, mungakomokenso." Sindinalipire kanthu.

Koma chodabwitsa kuposa zonse ndi bambo wa pa bedi loyandikana ndi langa, Seu Aristides, mkulu wa ku Bahia amene ankayendetsa malole. Matenda ndi omwewa, koma iye mtima unatheratu. Tsiku loyamba anatambasula dzanja nati, "Iwe m'Boliviya, tapeza kugunda apa. Ukakupeza ndikupatsa nyama yanga ya masana." Ndinagwira pamkono, ndinagwira pakhosi. Zii. Munthu akundiyang'ana, akuseka, mano atatu, koma kugunda kulibe. Ndinachita chizindikiro cha mtanda. Anati ndiike khutu pachifuwa pake. Mukulira kaphokoso kosalekeza, ngati makina osokera a m'nyumba yachitatu. Anamuika pampu yachitsulo imene imazungulira n'kumayendetsa magazi, waya wake watulukira pamimba kupita ku mabatire amene amanyamula m'kachikwama. "Ndinkayendetsa injini, tsopano injini ikuyendetsa ine," akutero. Akudikira mtima wa munthu wina.

Mwezi uno Don Casiano abwera ndi kalata yokha, mundikhululukire. Mwalemba kuti achimwene anayezetsa, awapeza nawo, ndipo auzidwa kuti apite ku Santa Cruz akaonedwe mtima, koma akuti adikira tsabola aume. Tsabola sathawa. Muwauze kuti ndatero ine, ngakhale ndili wamng'ono. Nanga inu ndi Dalmira mupita liti?

Zenón

São Paulo, 13 Ogasiti 2023

Wokondedwa amake Dalmira,

Ndikupatsani moni ndi mtima wonse, ndipo lero mawu amenewa ndikuwanena ndikudziwa kulemera kwake. Ndili bwino. Mukhale pansi kaye musanapitirize kuwerenga.

Lamlungu lapitali kunali chikondwerero cha dziko lathu pa bwalo limene a kwathu amasonkhana. Munthu ukanati uli kwathu mumzinda wa Sucre: magule, malipenga, amayi akugulitsa supu ya mtedza. Dzuwa linali pamutu. Ndinaima ndi mbale m'manja ndikuonera ovina, Evaristo akundilozera mtsikana wina amene akuti anamumwetulira, pamene mtsikanayo ankamwetulira wogulitsa ayisikilimu. Ndinamva malipenga akupita kutali, kuwala kukuchepa m'mbali mwa maso. Ndiye china chinandimenya pachifuwa ngati nyulu yandiponda ndi miyendo yonse iwiri.

Ndinapezeka ndili chagada, supu thupi lonse, nkhope za anthu pamwamba panga. Mayi wina akulira, wina akundikupiza ndi chipewa. Evaristo milomo itayera akuti, "Unapita, aise. Ndinakuona, unapita. Kenako thupi linadumpha lokha." Ndinadzuka, ndinasasa fumbi, ndinakana ambulansi. Ndinati ndi dzuwa. Ndinamulumbiritsa Evaristo kuti asauze munthu.

Lolemba m'mawa ndisanamwe n'komwe khofi foni inalira. Namwino wa kuchipatala. "Seu Zenón, dzulo nthawi ya 1:17 masana munali kuti? Bwerani lero lomwe." Ndinayang'ana Evaristo, iye anakweza manja kuti si ine. Chinali chifuwa changa chimene chinakanena.

Dotora anatembenuza kompyuta kuti ndione. Mzere wa mtima wanga ukuyenda bwinobwino, timapiri tofanana. Kenako timapiri tija tikusweka, kusanduka zokhwatchakhwatcha ngati mwana wapatsidwa pensulo. Anaika chala pamenepo nati, "Apa mtima sukupopa magazi, ukungonjenjemera. Munthu akafika apa popanda thandizo, mphindi zochepa watha." Chala chinayenda. "Apa kachipangizo kazindikira. Apa kakusonkhanitsa mphamvu. Apa kamenya." Mzere unakwera mpaka kutuluka papepala, kenako kachidutswa kowongoka, kenako kaphiri kamodzi, kenako kena.

Ndinafunsa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Anati masekondi khumi ndi anayi.

Benigna, iwe mkazi wanga, ndawerenga masekondi amenewa pa wotchi kambirimbiri. Ndi nthawi yoti munthu amange chingwe cha nsapato imodzi. Lazaro anadikira masiku anayi ndipo panafunika Ambuye mwini kuti abwere. Ine wosoka matumba a mathalauza, m'dziko la eni, ndabwezedwa ndi kanthu kopangidwa ndi manja a anthu amene sindidzawadziwa. Ndinapita kutchalitchi kukathokoza. Pepala la mzerewo ndinapempha, ndaliika m'kalata muno. Mulisunge m'Baibulo, ndipo muwaonetse achimwene.

Doña Remedios wandichotsa pa makina, akuti sakufuna maliro m'shopu mwake. Tsopano ndimadula ulusi ndi kupinda zosokedwa. Malipiro ake ndi ena, koma tisakambe zimenezo lero. Mafuta a bondo ndatumiza botolo laling'ono.

Mwamuna wako,
Zenón

São Paulo, 8 Okutobala 2023

Amake Dalmira,

Moni. Ndikhulupirira mwapumulako pambuyo pa masiku ovutawa. Ine thupi lili bwino.

Mawu a Dalmira pa foni ankadukaduka, mphepo ya paphiri ikusokosa, koma ndinamva. Mwana anachita bwino kukwera yekha osadikira Don Casiano. Akuti achimwene anali atangomaliza kukweza matumba a tsabola pa lole, anapempha madzi, alamu pobwera ndi kapu anapeza agona chammbali pafupi ndi tayala. Akutinso tikiti ya ku Santa Cruz inali m'thumba la malaya, ya Lolemba.

Sindinabwere kudzaika mbale wanga. Mudziwe kuti chikwama ndinalongedza. Dotora anandiletsa, anati masiku atatu pa basi ndi mmene zinthu zilili panopa sangandivomere. Mmene zilili ndidzakuuzani bwino tsiku lina. Muwapepesere kwa alamu ndi kwa ana. Anthu akanena kuti Zenón wakonda mzinda, musawayankhe.

Lachitatu ndinapita kuchipatala popanda kuitanidwa. Ndinamudikira Dotora pakhonde mpaka anatuluka. Ndinalankhula mosayenera. Ndinati, "Mimba imodzi, nyumba imodzi, mphasa imodzi. Kachilombo kanatiluma usiku womwewo. Iye ndiye anali wolimba, iye ndiye anandiphunzitsa kulima. Bwanji kabokosi kali mwa ine?" Anthu ankatiyang'ana. Iye sanakwiye. Anakhala nane pa benchi, odwala ake akudikira, nandifunsa dzina la achimwene, nalilemba m'kabuku kake. Anati, "Yankho labwino ndilibe, Seu Zenón. Zimene zinamuchitikira n'zomwe zinakuchitikirani inu pa chikondwerero. Kusiyana kwake ndi kumene munaima."

Ndakhala ndikugwira kachotupa ka pachifuwa panga. Ndikadali wodabwa nako monga tsiku loyamba, koma tsopano kamalemera.

Ng'ombe ya achimwene isagulitsidwe mothamanga, alamu ayambe apuma. Misa ya masiku makumi atatu ndalembetsa kuno. Ndipo amake Dalmira, sindikupemphanso, ndikunena: sabata ino mutseke nyumba, nkhumba musiyire aneba, inu ndi mwana mukayezetse.

Zenón

São Paulo, 17 Disembala 2023

Wokondedwa amake Dalmira,

Moni wa Khirisimasi kwa inu, Dalmira, alamu ndi ana. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona zokhazokha.

Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pa siteji ya basi. Ndathokoza Mulungu kuti inu mulibe. Zoti Dalmira amupeza nawo matendawa ndinapita nazo kwa Dotora tsiku lomwelo. Akuti pa msinkhu wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mankhwala amagwira bwino kwambiri kuposa kwa ife akuluakulu, ndipo poti mtima wake aupeza uli bwino, mwayi ndi waukulu woti sadzaona zimene ndaona ine. Amwe masiku onse makumi asanu ndi limodzi osadumpha. Zidzolo zimene mwanenazo mukazionetse kwa amene anamupatsa mankhwalawo, musangosiya nokha. Mumuuze kuti bambo ake akuti kukongola kudzabwerera, anyamata a ku Monteagudo sapita kulikonse.

Tsopano zanga. Kuyambira Seputembala kachipangizo kanandimenya kanayi, kawiri tsiku limodzi. N'chifukwa chake anandiletsa ulendo wa kumaliro. Kamapulumutsa, koma munthu umayamba kuopa chifuwa chako chomwe. Ndinkaopa kuwoloka msewu, kusamba, ngakhale kuseka. Dotora anati sitingamangodikira kuzimitsa moto, tikapeze pamene ukuyambira.

Pa 28 Novembala anandilowetsa m'chipinda chodzaza ndi makanema. Analowetsa timawaya mumtsempha wa pantchafu, n'kutiyendetsa mpaka mumtima. Ulendo uno anandigoneka, ndiye zimene ndikuuzanizi anandionetsa pambuyo pake. Kansonga ka waya kamakhudza khoma la mtima malo zikwizikwi, paliponse kakuyeza mphamvu, kompyuta n'kumamanga chithunzi. Chimene chinatuluka ndi mtima wanga wathunthu, woti Dotora amautembenuza ndi chala mbali iliyonse, wopakidwa mitundu ngati nsalu yoberekera mwana. Pofiirira ngati maluwa a mbatata ndi pamoyo. Pofiira ndi zipsera zimene kachilombo kanasiya. Pakati pa zipserazo pali tinjira topapatiza, m'menemo ndi mmene magetsi a mtima amasochera n'kumazungulira osatuluka. Anandionetsa kuwala kukuthamanga mozungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Tinjira timeneto anatitseka potentha ndi nsonga ya waya, kadontho ndi kadontho, maola asanu.

Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ndinaona ngati munda wathu ukauonera paphiri, apa pachonde, apa pamene madzi anakokolola. Zaka makumi anayi za kachilombo zonse zili poyera. Ndinafunsa Dotora ngati iye sadabwa nazo. Anati, "Pamene ndinkayamba ntchito izi kunalibe. Tsiku lililonse ndimadabwa, ndimangobisa kuti odwala asaope."

Papita masiku khumi ndi asanu ndi anayi osamenyedwa.

Seu Aristides, wa pampu uja, anapeza mtima. Unachokera kutali kumpoto pa ndege, ndipo akuti sunabwere pa ayezi, unabwera m'bokosi loupatsa magazi ofunda, ukugunda njira yonse. Mtima wopanda mwini, uli m'mwamba, ukugunda. Ndinakamuona kudzera pagalasi. Anakweza dzanja, n'kuloza pamkono pake, n'kumagwedeza chala mmene ukugundira. Mkazi wake akuti akudandaula kuti phokoso la kugundako likumusowetsa tulo, anazolowera injini.

Ndatumiza nsalu ya diresi ya alamu ndi mabisiketi a ana. Evaristo akupereka moni, akuti mtsikana uja anakwatiwa ndi wa ayisikilimu.

Wanu,
Zenón

São Paulo, 3 Malichi 2024

Amake Dalmira,

Moni kwa nonse. Ndakondwa kuti Dalmira wamaliza mankhwala ndipo wabwerera kusukulu. Ine miyezi itatu yakwana popanda kumenyedwa, masitepe ndikukwera osapumira panjira.

Ndikubwera kunyumba. Ndaganiza mokwanira, musandibweze. Makomo awiri alibe mwamuna, minda iwiri yamera thengo, ndipo kupinda mathalauza ndi ntchito yoti ine ndikachoka Lachisanu, Loweruka apeza wina.

Dotora sanakondwere. Anavula magalasi n'kutikita m'maso, nati, "Ndikanakonda mukanakhala pafupi ndi ife. Mtima wanu sunachire, tangouweta." Ndinati ndikudziwa. Ndinamuuza kuti kwathu netiweki kulibe, ndiye kachipangizo kadzagwira bwanji? Anati kameneko sikafuna netiweki kuti kakupulumutseni, kamaganiza kokha, ngakhale muli pakati pa munda. Foni ntchito yake ndi kungotiuza ife. Ndiye tapangana chonchi: Loweruka lililonse ndizitsikira kumsika wa m'tauni ndi foni, iyo izitumiza zonse za sabata imeneyo, iwo aziona kuno. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndizibwera ndi basi adzandione ndi maso. Wandilembera kalata yopita kwa dokotala wa mtima ku Santa Cruz, ndi mankhwala a miyezi itatu. Matumba olemera ayi, khasu pang'ono, makina owotcherera zitsulo ndisawayandikire. Ndamupemphanso alembe mayina a zoyeza zimene ana a achimwene ayenera kuchita, ndibwera nalo pepalalo.

Potsazikana ndinamupatsa thalauza limene ndinasoka ndekha lonse pa makina a Evaristo, matumba ndinaika anayi. Analiyeza m'chiuno, n'lalikulu, anati alivala choncho.

Ndili pakhomo ndinakumbuka kufunsa za batire, poti chilichonse cha batire chimatha. Anayang'ana pa kompyuta nati, "Mmene mukugwiritsira ntchito panopa, zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Cha mu 2031 mudzabwere tidzasinthe, ndi ntchito ya ola limodzi. Nthawi imeneyo kadzakhala katsopano, kakang'ono kuposa aka." Anangonena choncho akulemba zina, ngati munthu wokamba zosintha tayala la njinga.

Ndinatuluka n'kukakhala pa benchi panja. Chiyambire chaka chatha ndakhala ndikuwerenga moyo wanga ndi masabata. Kwathu amuna a kwa Barja sakamba za zaka zisanu ndi zitatu, inu mukudziwa. Koma mayi uyu, amene waona m'kati mwa mtima wanga kuposa munthu wina aliyense, akundiyembekeza mu 2031 ndipo akuona ngati si nkhani.

Ndinyamuka pa 19, ndikafika pamsewu wathu pa 22 masana ngati mvula sinagumule njira. Musaphe nkhumba, mchere anandiletsa. Mubwere ndi bulu chifukwa cha chikwama.

Chinthu chimodzi muchite ndisanafike. Mupite kwa Don Hilarión wa nazale, mumuuze atisungire mbande za malalanje makumi atatu, zomezanitsa, tidzadzale kumunsi kwa munda wa achimwene kumene madzi amafika. Akakuuzani kuti zimatenga zaka zinayi kuti zibereke, mumuuze kuti ndikudziwa.

Ndine mwamuna wanu,
Zenón Barja